Mdala wa Pakhoma la Immaculate

Kuno kwa Mbenje aliyense ankadziwa kuti Immaculate Vasiko anakwatiwa ndi mzungu wokalamba. Ankatero amayi pamjigo, ankatero a kabaza pasiteji ya Bangula, ndipo ine Lorenso Zuze, ngakhale sindimeza chilichonse chochokera pamjigo, iyi ndinameza theka, theka linalo n'kusunga m'tsaya. Umboni unalipo. M'chipinda chake chogwirira ntchito, pachipatala chathu chaching'onochi, pakhoma pali chithunzi cha mdala wa ndevu zoyera, magalasi atatsetserekera pamphuno, akumwetulira ngati munthu amene wangobisa nsapato ya mnzake. Chithunzicho chili m'felemu, ndipo Immaculate amayamba kupukuta icho asanapukute tebulo. Mkazi wa zaka zake, wokana mphunzitsi, wokana wapolisi, wokana ngakhale kalaliki wa kunzimbe wa njinga yamoto: mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ena ankati mdalayo anamusiya ku Blantyre n'kubwerera kwawo. Ena ankati adzabwera kudzamutenga sitima ikadzayambanso kuwoloka pa Chiromo.

Ndikulemba izi ndi dzanja lamanja, lomwe chaka chathachi linali lende ngati mlamba wakufa, choncho zilembo zikapendekera musanyoze sukulu yanga. Sukuluyo inathera Sitandade 4 ndipo inandikwanira. Amene ndikufuna kuti mumudziwe ndi mkazi amene anandibwezera dzanjali.

Bambo ake, malemu Antonio, anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali ndi mwendo umodzi. Winawo unatsala pa bomba lokwirira cha ku Mutarara. Anakhazikika pansi pa nimu pamsika n'kumasoka nsapato. Ine ndinkapita dala kukamuuza kuti munthu wa phazi limodzi alibe chilolezo chosoka nsapato ziwiri, iye n'kumandiyankha m'Chisena mawu amene sindingalembe pano poti adzukulu anga amatha kuwerenga. Koma Antonio anali ndi vuto limodzi losaseketsa. Chala chachikulu cha phazi lomwe kunalibelo chinkamuyabwa. Chinkamuyabwa mpaka misozi, munthu wamkulu. Anthu ankati mwendo uja unakwiriridwa molakwika ndiye ukuitana mwini wake. Ena ankangoti mutu wayamba kusokonekera. Koma mwana wake wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ankakhala pansi n'kufunsa kuti pakuyabwa ndi pati. Antonio n'kuloza m'munsi mwa pomwe mwendo unadukira, pamalo popanda kanthu. Mwanayo n'kumakanda pomwepo, kukanda mphepo, bambo ake akuyang'anitsitsa, mpaka nkhope yawo imasuke. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

Mayi ake a Immaculate ankagulitsa nsomba zouma, ndipo nsombazo ndi zimene zinamufikitsa Folomu 4. Kenako anapita ku Blantyre kukaphunzira mafizo, ntchito yodzutsa ziwalo zofooka. Anzake a kuno amene amapita kumeneko sabwerera. Akalawa kamphepo kozizira kaja amayamba kunena kuti kwathu kuno ndi uvuni. Iye anabwerera, bambo ake atamwalira kale, ali ndi sutikesi yolemera mabuku kuposa zovala.

Mafizo amene tinkawadziwa ife ndi oti akupinde mwendo, akutambasule, akupatse kampira kofinya, basi uzipita. Immaculate amachita zonsezo, koma asanakugwire amayamba wafunsa kuti manja awa ankagwira ntchito yanji asanadwale. Ukati kupeta, mawa lake upeza lichero likukudikira. M'chipinda chakemo muli lichero, mpini wa khasu, nkhafi, ukonde wong'ambika, kamtondo ndi munsi wake, ndi njinga yopanda matayala. Mlendo amayesa walowa kwa wogula zakutha. Posakhalitsa panabuka mphekesera ina yoti amagwiritsa odwala ganyu waulere. Iyi yokha sindinaikhulupirire, chifukwa ukonde uja ndinauona: odwala amausoka Lolemba, iye n'kuung'ambanso Lachisanu.

Sitiroko inandipeza mu Januwale 2023, ndili pakhonde ndikusema mpini. Ndinangoona mpeni uli pansi, ndikati ndiutole, dzanja ngati la munthu wina. Nditatuluka m'chipatala cha ku boma ndinkatha kuyenda mokoka mwendo wamanja, koma mawu anali atathawa. Osati m'mutu ayi. M'mutumu ndinkalankhula bwinobwino, Chimang'anja ndi Chisena chomwe, koma mawu akafika pakhosi ankasochera. Anatsala awiri okha, ndipo amene anandisankhira amandidziwa bwino: "galu iwe." Mwana wanga Rosa, wamasiye amene anabwerera pakhomo panga ndi ana atatu mwamuna wake atamwalira, akandipatsa phala, galu iwe. Abusa atabwera kudzandipempherera, atanena ameni, ine ndi mtima wonse ndikufuna kunena kuti takhuta, ndiye kuti zikomo m'Chisena, galu iwe. Abusawo anati Satana akulimbalimba, n'kuyambanso pemphero lina lalitali kuposa loyamba.

Rosa ananditengera kwa Immaculate pa kabaza. Titalowa, anagwada pang'ono n'kundipatsa moni.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Galu iwe."

"Zikomo, nanenso ndadzuka bwino. Ababa ankanena kuti pakamwa panupo padzakutembenukirani tsiku lina."

Anafunsa Rosa ntchito zimene ndinkagwira. Rosa anati kuluka mono wogwirira nsomba, kulima kudimba, ndi kuputa anthu. Immaculate anati yachitatuyo sitiroko sinaikhudze, ndiye tilimbana ndi ziwiri zinazo.

Tsiku lotsatira anandiikira pamiyendo bango long'amba ndi mlaza. Sanandiuze kuti ndinene chilichonse. Anangoika dzanja lake pamwamba pa langa lofookali n'kumaliyendetsa, kulowetsa, kutulutsa, kukoka. Anali wosadziwa kuluka, zoona zake n'zimenezo, ndipo zinkandiwawa mumtima kuona mono ukupotoka chonchija. Sabata yachiwiri zala zanga zinayamba kukana njira yake yolakwikayo n'kumakankhira kumene kukuyenera. Sabata yachitatu, bango litatha m'manja, dzanja linatambasuka kufuna lina ndipo pakamwa panangoti, "bango." Tonse tinayang'anana. Anatenga bango lija, kulibisa kumbuyo, kundikhazika manja pamawondo, n'kulitulutsanso kuti nditchule dzina lake. Palibe chinatuluka. Atandibwezera mono m'manja, mawu aja anabweranso, ndi ena awiri kumbuyo kwake, ngati nsomba zotsatana polowa m'mono.

Pamenepo anandifotokozera, ine ndikuluka. Anati ife timayesa kuti nzeru zonse zimakhala m'mutu ngati nkhuku m'khola, thupi n'kumangotumidwa. Koma zambiri zimene munthu amadziwa amazidziwa ndi zala, ndi mapazi, ndi msana, ndiponso ndi zinthu zimene wakhala akugwira moyo wake wonse. Anati khomo lakumaso likatsekeka, umazungulira kuseri kumene kuli makasu. Kenako analoza pakhoma ndi chibwano.

"Anandiphunzitsa ndi awo."

Ine mumtima ndinati ehee, amayi a pamjigo sananame. Ndipo chapakati pa Febuluwale ndinalawirira tsiku lina n'kumupeza ataima patsogolo pa chithunzicho, foni ili m'manja, misozi ikutsika. Atandiona anapukuta kumaso n'kungoti amwalira dzulo. Ndinafuna kupepesa, koma podziwa mawu amene akanatuluka, ndinatseka pakamwa ndi dzanja lamanzere. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamuona ngati wamasiye, ngakhale sanavale zakuda.

M'Malichi kunabwera madzi a namondwe uja wa Freddy. Za madziwo sindilemba zambiri. Aliyense kuno ali nazo zake zimene safuna kukumbutsidwa. Ine anandiponya m'bwato ngati thumba la mapira, ndipo tinakhala pakampu pasukulu masabata asanu ndi awiri. Immaculate ankabwera kumeneko pa njinga, bango atamangirira kumbuyo, n'kumatisonkhanitsa ife okoka miyendo kuseri kwa kalasi.

Titabwerera m'Meyi tinapeza kuti panyumba panga patsala sitepe ya simenti yokha. Nyumba imamangidwanso. Chimene chinatisautsa ndi dimba. Dimba limenelo ndinalipereka kwa Rosa, ndipo ndi limene limadyetsa iye ndi ana ake. Madzi anali atayala mchenga kuyambira kumudzi mpaka kumtsinje, see, ngati bwalo la mpira. Mvunguti wa panjira kulibe, nthochi kulibe, nsenjere za m'malire kulibe.

Woyandikana nafe munda ndi Saulos Kampira, mnzanga amene takhala tikutukwanizana kuyambira tikuweta mbuzi. Malire athu amayambira pa chitsulo cha njanji, musandifunse kumene tinachitenga, n'kulunjika kumtsinje. Chitsulocho tinakhoma ine ndi malemu bambo ake a Saulos chaka chimene ndinakwatira, Saulosyo ali ku Nchalo kudula nzimbe. Tsopano chinali pansi pa mchenga, osadziwika pati. Saulos analoza malo amene ankakumbukira, ndipo malo akewo ankamupatsa iye chigwa chonse, kumene chinyontho chimakhala mpaka Okutobala. Kwa Rosa kukanatsala mchenga wouma umene sumeretsa ngakhale chisoso. Ndinene zoona: Saulos si wakuba. Ali ndi anthu khumi ndi mmodzi odya pakhomo pake, ndipo munthu wanjala akamakumbukira malire, malirewo amayenda okha.

Nkhaniyi inapita kwa mayi Lilian Semba, wapampando wa komiti ya minda, munthu wachifundo koma wa changu, poti milandu ngati yathuyi inali yambiri. Anandikhazika pampando, kundipatsa pepala ndi cholembera kuti ndijambule njira ya kudimba ndi pamene pali chitsulo. Chimene ndinajambula chinafanana ndi matumbo a nkhuku. Anandifunsa ngati chitsulo chinali kumanja kapena kumanzere kwa mvunguti. Ndinati kumanzere. Atafunsanso ndinati kumanja. Atafunsa kachitatu mukudziwa kale chimene ndinayankha. Saulos sanaseke. Anangopukusa mutu mondimvera chisoni, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa chitonzo chilichonse chimene wanenapo. Mayi Semba anati chinyontho sichidikira munthu. Pofika Lachisanu, ngati palibe umboni wina, atsatira mawu a Saulos. Rosa atafika pamsasa pamene tinkagona anakhala pansi n'kumawaza madzi pa mbewu ya mbatata imene anapempha kwa anthu, yomwe inali itayamba kale kufota.

Lachitatu ndinapita kumafizo ndipo sindinagwire bango. Immaculate anafunsa Rosa chimene chavuta. Atamva, sanafunse za chitsulo ayi. Anafunsa kuti ndinkapita kudimba nthawi yanji, ndinkavala chiyani kumapazi, ndinkanyamula chiyani, paphewa liti, ndinkadya chiyani ndisananyamuke. Rosa anati ndinkanyamuka dzuwa likungotuluka, wopanda nsapato, khasu paphewa lamanja, nditamwa tiyi makapu awiri. Masana omwewo Immaculate anapalasa njinga kupita kwa mayi Semba, ife tikutsatira, ndipo anaitanitsa Saulos.

"Amayi, munthuyu mwamufunsa mutu, chonsecho mutu ndi umene ukudwala. Bwanji tifunse miyendo?"

"Mwendo umodzi ndi wokoka," anatero Saulos. "Ndiye tikumbe dambo lonse potsatira mwendo wokoka?"

"Tsiku limodzi lokha, baba. Sindikulonjeza kuti tichipeza. Tikalephera, Rosa avomereza mawu anu."

Rosa anandiyang'ana nthawi yaitali asanagwedeze mutu. Mayi Semba anavomera, nati Lachinayi, ndipo dzuwa likalowa nkhani yatha.

Lachinayi m'mamawa anthu anali atasonkhana kale pa sitepe yanga ija, poti kuno zaulere zoonerera sizidutsa. Immaculate anaika malamulo. Munthu asayende patsogolo panga. Munthu asandifunse kanthu, asandilozere, asandilimbikitse. Anandimwetsa tiyi makapu awiri, kundivula mapatapata, kundiika khasu paphewa lamanja n'kupinda zala zanga pampini. Kenako anabwerera m'mbuyo.

Ndinaima pasitepepo ngati chitsa. Kutsogolo kunali mchenga wokhawokha, ndipo ine ndinayamba kuganiza: kodi mvunguti unali uku? Kodi masitepe anali angati? Ndikamaganiza, mchengawo unkangokulirakulira. Ndinamva wina kumbuyo akutsokomola. Ndinaona Rosa pakona ya diso atagwira pachifuwa. Pamenepo Immaculate anaphwanya lamulo lake lomwe. Anasendera pafupi n'kundinong'oneza.

"Agogo, siyani kuganiza. Mwachedwa kudimba, ndipo a Saulos afika kale."

Zaka makumi anayi Saulos sanandipambanepo kufika kudimba. Mwendo wamanzere unatsika wokha pasitepe, wamanja n'kukokeka pambuyo pake.

Za ulendowo sindingafotokoze bwino chifukwa sindinali kuulamula ine. Dzuwa linali pamphumi, mchenga wozizira kuphazi, khasu likugunda pamsana monga mwa masiku onse. Ndinkangofulumira kuti ndikamupeze galu uja. Zina ndinachita kumva kwa anthu pambuyo pake. Akuti pena ndinawerama mutu, n'kutsitsa khasu, pamalo poyera popanda ngakhale udzu. Rosa anagwira pakamwa, chifukwa pamenepo ndi pamene nthambi ya mvunguti inkadutsa pamwamba pa njira. Akuti patsogolo pake ndinatambasula mwendo kudumpha ngalande imene kulibe, pang'ono n'kugwa. Immaculate akuti ankayang'ana khosi langa: pakapita kanthawi mutu unkatembenukira kuphiri la kutsidya, n'kubwerera, ndipo mapazi n'kukhota pang'ono. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndimayenda ndi phiri limenelo.

Tsopano ndiyenera kuulula chinthu chimene ndinabisa zaka makumi anayi. M'mawa uliwonse ndikafika pachitsulo paja, tiyi uja amakhala atafika kumene amapita. Ndiye ndinkatembenukira mbali ya Saulos n'kuthirira pakona ya munda wake. Osati mwa chidani, koma mwa chikondi cha anthu okulira pamodzi.

Ndikuyenda choncho pamchengapo, mwadzidzidzi thupi linapempha. Miyendo inaima yokha. Rosa, poopa kuti khasu lindigwera paphazi, anathamanga n'kundilanda. Ine ndinatembenukira kumanzere, dzanja n'kupita palamba wa thalauzi. Amayi onse anatembenuka kuyang'ana kumudzi, mayi Semba ataphimba kumaso ndi kope lawo. Immaculate yekha ndi amene sanachite manyazi; anajambula mzere ndi phazi kumbuyo kwa zidendene zanga n'kunena kuti akumbe pamenepo.

Saulos anandiyang'ana, kuyang'ana pansi, kundiyang'ananso.

"Lorenso. N'chifukwa chake therere langa la pakona linkapsa chaka chilichonse?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma kuseka kunatha msanga. Anakumba mpaka m'mawondo, palibe. Mpaka m'chiuno, palibe. Dzuwa linafika pamutu, lija la kwathu kuno losiya munthu wopanda chithunzithunzi. Amuna amene ankakumba anatuluka m'dzenje n'kunena kuti achita mbali yawo. Rosa anamanga chitenje, kulowa yekha m'dzenjemo, n'kumakumba osayang'ana munthu. Mayi Semba anayamba kuyang'ana wotchi. Ine ndinakhala pamchenga wotenthawo ndikudziwa kuti ndachititsa manyazi mwana wanga pamaso pa mudzi wonse, ndiponso kuti mawa pamjigo adzanena kuti mkazi wa mzungu uja wapenga ngati bambo ake.

Immaculate anali chiimire, akuluma chala. Kenako anafunsa Rosa chimene ndinkachita nalo khasu ndikafika. Rosa anati sakudziwa, iye ankabwera mochedwa n'kundipeza ndikulima kale. Immaculate anati ndiye talakwitsa ndife, tamulanda khasu asanamalize. Anandidzutsa, kundibweza m'mbuyo kutsatira mapazi anga omwe, kundiikanso khasu paphewa, n'kuuza aliyense kuti likagwa ligwe.

Ndinayendanso kachidutswa kaja. Nditafika pambali pa dzenje, dzanja lamanjali, lomwe lija la mlamba wakufa, linatsitsa khasu paphewa, kutambasukira kumanja chakumbuyo, n'kulitsamiritsa bwinobwino pa chinthu chimene panalibe. Khasu linagwa pamchenga. Pamenepo ndinakumbukira Antonio ndi mwana wake wokanda mphepo, ndipo ulendo uno sindinaseke.

Anakumba pamene mpini unalozera, masitepe awiri kuchokera padzenje loyamba. Atafika cha m'chifuwa, khasu la Rosa linalira ngwee. Saulos anamuuza kuti atuluke, n'kutsikira yekha m'dzenjemo ndi mawondo ake owola aja. Anafukula ndi manja, kupapasa mutu wa chitsulo pamene bambo ake anaphwanya ndi hamala.

"Ndi chomwechi," anatero. "Mayi Semba, lembani. Ndinalakwitsa ndine."

Ndinaima pamwamba pa dzenjelo ndikumuyang'ana, ndipo mawu anabwera onse pamodzi, oyamba athunthu kuchokera mu Januwale.

"Saulos, dimba ili ndi la Rosa." Ndinapuma pang'ono. "Galu iwe."

Awiri omalizawo ndinachita kusankha ndekha, ndipo Saulos anadziwa. Anatambasula dzanja kuti ndimukoke, ine n'kumupatsa lamanja.

Rosa anabzala mbatata madzulo omwewo. Mbewu imene inatsala anakapereka kwa mkazi wa Saulos, osandifunsa, ndipo anachita bwino chifukwa ndikanakana kwa masiku awiri. Immaculate sanadikire kuthokozedwa. Pamene anthu ankakangana za amene ananena kale kuti chitsulo chili pamenepo, ndipo onse anali atanena kale, iye anali atakwera njinga, poti kuchipatala kunali mayi wina wa lichero akumudikira.

Mu Sepitembala tinakumba mbatata. Ndinadzaza madengu awiri, kusankha zikuluzikulu zopanda nankafumbwe, n'kukweza pa kabaza. Mawu anga pa nthawiyo anali atabwerera okwanira kukwiyitsa mudzi wonse, ndipo ndinakonzekera bwino zokanena. Ndinavala jekete, kutentha konse kuja. Nditalowa m'chipinda chake ndinatula dengu loyamba n'kunena kuti ili ndi la dzanja langa ndi dimba la Rosa, takhuta kwambiri. Kenako ndinatula lachiwiri pansi pa chithunzi chija, kuvula chipewa, n'kutsitsa mawu.

"Ili ndi chipepeso, mwananga. Amuna anu anamwalira ine ndilibe pakamwa, ndipo mudzi sunabwere kudzakhala nanu. Tinalakwa. Munati nzeru zimenezi anakupatsani ndi iwo, ndiye mbatata izi ndi zawonso."

Immaculate anandiyang'ana, kuyang'ana chithunzi, kundiyang'ananso, ndendende mmene anachitira Saulos pamchenga paja. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira pa njinga yopanda matayala ija, misozi ili mbwee.

"Agogo, inunso? Ine ndinkayesa ndi za pamjigo zokha."

Atapuma anatsitsa felemu ija, kuitsegula kumbuyo, n'kutulutsa chithunzicho. Sichinali chithunzi chojambulitsa ayi, chinali kachikatoni kodula ndi lumo. Anatsegula kabati n'kutulutsa buku lachingerezi lonenepa, lakuda ndi manja, masamba ena atamatidwa ndi selotepi. Pachikuto chakumbuyo panali bowo la ngodya zinayi. Anaika mdala uja pabowopo, ndipo analowa ndendende, ngakhale pakona pamene lumo linapotoka.

Anandiuza kuti bukulo analipeza pamulu wa mabuku akale, pansi, m'mbali mwa msewu ku Limbe, ali chaka chachiwiri kusukulu ya mafizo. Analitsegula mu minibasi n'kugwera pamutu wonena za anthu oduka miyendo amene chala chomwe kulibe chimawayabwa. Mdalayo analemba kuti anthu otere sanapenge ndipo sanalodzedwe. Thupi limasunga mawonekedwe ake onse, ndipo munthu amaganiza ndi thupi lonselo pamodzi ndi malo amene amayendamo. Immaculate akuti anawerenga akulira mpaka kupitirira siteji yake. Mdalayo anali mphunzitsi wa payunivesite ina kutsidya kwa nyanja, ndipo anatha moyo wake wonse akukangana ndi anzake ophunzira pa nkhani imodzi yomweyi. Dzina lake anandiuza katatu, koma lilime langa, ngakhale lisanadwale, silikanalitha. Akuti nthawi ina anamulembera kalata yomuuza za Antonio, koma sanaitumize, poopa Chingerezi chake. Anaitulutsa pakati pa bukulo, yopindapinda, n'kuibwezeranso. Za imfa yake anangoziona pafoni, monga wina aliyense.

Ndinamufunsa kuti nanga mphunzitsi uja, wapolisi uja, ndi kalaliki wa njinga yamoto anawakaniranji. Anati sanawafune, basi, ndipo ngati ndili ndi mphamvu zofunsa zimenezo ndili ndi mphamvu zosoka ukonde.

Dengu lachiwiri lija anaphikira odwala tsiku lomwelo. Ine ndisanatuluke ndinadikira abwezere mdala uja pakhoma, ndinaima patsogolo pake chipewa chili m'manja, n'kumuuza takhuta, mawu oyenera, pa nthawi yoyenera. Kenako ndinadzera pamjigo, chifukwa amene anafalitsa nawo bodza ayenera kukalichotsa yekha, ndipo ndinawauza amayi aja zimene ndikukuuzani inu. Mdalayo sanali mwamuna wa Immaculate. Sanakumanepo ngakhale tsiku limodzi. Sanapondepo m'Malawi muno, ndipo anamwalira asakudziwa kuti kwa Mbenje kuli munthu dzina lake Immaculate Vasiko.